Zipsepse za roketi yachiwiri: tilimbitse kapena tizisiye?

Loweruka loyamba la Januwale

Bokosi la zida zomangira roketi yaing'ono tinalitsegula pa Khirisimasi, koma ntchito tayamba lero. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 11, anayala zonse patebulo la kukhitchini: chubu cha pepala lolimba cha BT-60 chomwe kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 42, mutu wapulasitiki, parachuti, kachubu kolowetsamo mota (kakatiriji ka onga kamene kamakankha roketi) ya mamilimita 18, ndi kathabwa ka balsa, mtengo wopepuka kwambiri, komwe anadulamo kale zipsepse zinayi. Ikatha idzatalika masentimita 61.

Tisanatsegule n'komwe botolo la guluu anandifunsa kuti, "Adadi, izi sizidzathyoka ngati zija?"

Zija ndi za roketi yathu yoyamba. Mu Seputembala inauluka kawiri popanda vuto. Ulendo wachitatu parachuti inatseguka bwinobwino, koma mphepo inkailendewetsa uku ndi uku, mpaka inakatera pa kanjira kouma gwaa komwe mathirakitala amadutsa. Chipsepse chimodzi chinang'aluka pakati. China chinazuka chathunthu, chitanyamula kakhungu ka pamwamba pa chubu. Ndinamata ndine, ndipo ndinamata mothamanga: chubu sindinachipale, m'ngodya ndinangodutsamo guluu kamodzi. Mwanayu sanalire, koma ulendo wonse wobwerera kunyumba anali chete, zidutswa zili m'manja. Ndi chifukwa chake ulendo uno ndikufuna kulemba chilichonse, tsiku ndi tsiku.

Kukalabu komwe timakaulutsira, kuno ku England, ndinalandira malangizo awiri otsutsana. Bambo wina amene amaulutsa maroketi akuluakulu a mota zamphamvu kwambiri za H ndi I anati ndikute zipsepse ndi nsalu ya fibreglass, yolukidwa ndi ulusi wa galasi, ndi guluu wolimba wa epoxy, kuchokera nsonga ina kukafika nsonga ina, ndiiwale za kuthyoka. Mkulu wina wa imvi, amene anayamba masewerawa ine ndisanabadwe, anapukusa mutu nati balsa wamba wakhala akuuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndingomata bwino basi. Pepala la malangizo la m'bokosi silitchula za kulimbitsa ngakhale pang'ono.

Lero tamanga kachubu ka mota kokha. Zipsepse tazisiya m'thabwa lake.

Lachiwiri usiku

Ndatulutsa roketi yakale ija m'kabati kuti ndione bwino mmene inathyokera. Mankhwala sangapezeke matenda asanadziwike.

Funso loyamba: kodi zipsepse zimathyoka m'mwamba kapena pansi? Mota imene tidzagwiritsa ntchito ndi C6-5. Kwa amene sanazolowere zilembozi, C amanena mphamvu yonse ya motayo, yomwe siipyola ma newton-second 10. 6 ndi kukankha kwake kwapakatikati mu ma newton. 5 ndi masekondi amene imadikira ikatha kuyaka isanaphulitse kaonga kotulutsa parachuti. Imayaka nthawi yosakwana masekondi awiri. Ndaika miyeso ya roketi yathu mu OpenRocket, pulogalamu yaulere imene Sampo Niskanen anailemba mu 2009 ali pasukulu ku Finland, ndipo ikusonyeza liwiro la pafupifupi mamita 60 pa sekondi ndi utali wa pafupifupi mamita 150.

Chimene chimaphwanya zipsepse m'mwamba ndi kunjenjemera kumene amati flutter: mphepo imapinda chipsepse, chipsepse n'kubwerera, n'kupindikanso mwachangu kwambiri mpaka kuduka. Zimenezi n'zoopsa kwa maroketi amene amayandikira liwiro la phokoso, mamita 340 pa sekondi. Yathu siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro limenelo. Bambo wa fibreglass uja sananame, koma ankayankha funso la roketi yake.

Mdani wathu ndi nthaka. Zipsepse za roketi imeneyi zimapendekera kumbuyo ndipo nsonga zake zimapitirira mathero a chubu. Ikamatsika, mutu umalendewera paokha ndi parachuti, thupi n'kumabwera chamatako, choncho choyamba kugunda pansi ndi nsonga ya chipsepse chimodzi. Kulemera konse kumathera pamenepo, ndipo kawirikawiri kumabwera cham'mbali chifukwa cha kulendewera kuja.

Pa yakale ija ndaona mabala a mitundu iwiri. Chong'aluka chinatsata mizere ya mtengo, ngati mmene nkhuni imawazikira. Chozuka chija guluu wake sanaduke ayi; anagwira kakhungu konyezimira ka pamwamba pa chubu, kakhunguko n'kumene kanasendeka. Loyamba ndi vuto la thabwa, lachiwiri ndi la kamatidwe. Fibreglass ikanathetsa onse awiri, n'zoona. Funso ndi lakuti ikanadya magalamu angati.

Lachinayi

Ndabwereka sikelo ya amayi ake yoyezera ufa wa makeke. Imawerenga gilamu imodziimodzi, choncho tinthu tating'ono ndikutiyeza tonse pamodzi kenako n'kugawa.

Zonse za m'bokosi, kuphatikiza zimene ndikuyembekezera kuti guluu ndi penti zidzawonjezera, zikubwera pafupifupi magalamu 75. Mota ya C6-5 isanayake ndi pafupifupi magalamu 25. Pamodzi 100. Pa ndandanda ya Estes, omwe amapanga mota zimenezi ku Penrose m'chigawo cha Colorado, C6-5 siyenera kunyamula zoposa magalamu 113 ponyamuka. Mpata wanga wonse ndi magalamu 13.

Poyamba ndinkaopa kuti kulemera kwa kumbuyo kusokoneza kaulukidwe. Roketi imauluka mowongoka ngati CG, pamene imakhazikika mukaigoneka pachala, ili kutsogolo kwa CP, pamene mphepo imakankha. Mtunda wake uyenera kukhala wofanana ndi kukula kwa chubu kamodzi kapena kawiri. Masamu opezera CP anawakonza ndi James Barrowman wa ku NASA m'zaka za 1966 ndi 1967, ndipo ndi omwewo OpenRocket imagwiritsa ntchito. Ndayesa kuwonjezera magalamu 6 pa zipsepse: CG ikubwerera m'mbuyo pang'ono kusakwana sentimita imodzi. Ndaika 20, omwe ndikuganiza kuti epoxy ndi nsalu zingadye m'manja osazolowera ngati angawa: ikubwerera pafupifupi masentimita atatu. Popeza zipsepse zake n'zazikulu, ngakhale pamenepo roketi ikadali yokhazikika. Nkhawa imeneyo yachoka.

Yatsala ina, imene sindinaiganizire mpaka nditakhala pansi ndi pensulo. Roketi yolemera imatsika mofulumira pa parachuti yomweyo, komanso chogunda pansicho chimakhala cholemera. Ziwirizi zimachulukitsana. Mota ikatha kuyaka roketi yathu imatsala pafupifupi magalamu 88. Kuwonjezera 20 kukutanthauza 108, ndipo mphamvu ya kugunda kwake imakwera ndi theka lathunthu. Ndiye kuti ndikanalimbitsa zipsepse kwinaku ndikukulitsa nkhonya imene zidzalandire, ndipo chubu cha pepala chija, chomwe sindinachilimbitse, ndicho chikanapindika. Pamwamba pa izo, magalamu 120 apyola malire a mota: roketi ikanachoka pandodo yoiwongolera ponyamuka pang'onopang'ono, n'kufika pamwamba msanga, ndipo masekondi asanu odikira aja akanatha itayamba kale kugwa chamutu. Parachuti ikatseguka pa liwiro lotero chingwe chimatha kung'amba mlomo wa chubu.

Ndi magalamu 6 okha, kugunda kumakwera pang'ono chabe, ndipo tikadali pansi pa 113. Fibreglass ndaichotsa pa mndandanda. Koma mawu a mkulu wa imvi aja sakundikwanira, chifukwa chipsepse chong'aluka chija chinang'aluka pakati, kutali ndi pomata.

Loweruka lachiwiri

Tsiku la kuyesa. Pa thabwa lija pali zotsalira m'mphepete, ndipo tadulapo tizidutswa titatu tofanana, mizere ya mtengo itayenda chopingasa, kumene balsa amakhala wofooka kwambiri. Koyamba takasiya chomwecho. Kachiwiri takanyowetsa ndi supagulu wamadzimadzi. Kachitatu takamata pepala wamba la pulinta, la magalamu 80 pa sikweya mita, mbali zonse ziwiri ndi guluu woyera wa PVA. Timeneti tinatikonza Lachinayi usiku kuti lero tikhale titauma.

Tinapanikiza mbali imodzi ya kachidutswa kalikonse m'mphepete mwa tebulo, kunsonga kwake n'kupachika botolo lopanda kanthu, mwana n'kumathiramo madzi pang'onopang'ono ndi jagi. Kopanda kanthu kanathyoka madzi asanafike ngakhale pakati pa botolo. Ka supagulu kanapirira kuposa apo, kenako kanaduka mwadzidzidzi ngati bisiketi. Kapepala kanapindika botolo litadzaza, koma sikanaduke, ndipo titachotsa botolo kanabwerera pafupifupi m'malo mwake.

Mwana anafunsa kuti pepala, lomwe iye amang'amba ndi zala ziwiri, lingalimbitse bwanji thabwa. Ndinamuuza za phesi la chimanga. Tili ana kumudzi tinkasenda mapesi popanga timagalasi ta m'maso ndi tinyumba. Mkati mwa phesi ndi mofewa, umatha kufinya ndi chala; khungu lake palokha ndi lopyapyala, limapindika. Koma zikakhala pamodzi phesi limanyamula chisononkho ndipo limapirira mphepo ya Febuluwale. Chinthu chikamapindika, mbali yakunja ndiyo imakokeka, ndipo pepala likamakokedwa mowongoka silichita kuduka msanga. Balsa ntchito yake ndi kungosunga mapepala awiriwo motalikirana. Ndege ya nkhondo ya de Havilland Mosquito, yomwe inkapangidwa konkuno, thupi lake linali la balsa wa ku Ecuador womatidwa pakati pa matabwa awiri opyapyala. Nzeru yake ndi yomweyo. Phesi sanaligwirepo mwanayu, ndipo ndamulonjeza kuti tikadzapita kwa agogo ake ndidzamusendera.

Tagwirizana: pepala mbali zonse, supagulu m'mphepete mokha.

Lamulungu

Ndisanakhudze zipsepse zenizeni ndinayeseranso pa chidutswa chachikulu chimene chinatsala, ndipo n'chimene chandipulumutsa. Ndinamata mbali imodzi, foni inalira, ndinakayankha. Pobwerera patatha mphindi khumi ndi zisanu chidutswa chinali chitapindika ngati chikhatho. Guluu wa PVA ali ndi madzi; mbali yonyowa imatupa, ndipo pepala likamauma limakoka. Chikanakhala chipsepse chenicheni, roketi ikanamazungulira pokwera.

Pa zenizeni tachita motere. Tinazipanikiza zinayi zonse pamodzi n'kusalaza m'mphepete ndi sandipepa kuti zifanane. Mphepete ya kutsogolo tinaizunguza pang'ono. Ya kumunsi, yomata pa chubu, tinaisiya yafulati. Ndinaonetsetsa kuti mizere ya mtengo ikuyenda motsatana ndi mphepete ya kutsogolo, chifukwa zipsepse zamtunduwu n'zosavuta kuzitembenuza n'kumata mbali yolakwika. Pa chilichonse ndalemba kachizindikiro ka pensulo posonyeza kumunsi.

Pepala tinalidula limodzi pa chipsepse chilichonse, lopinda pakati kuti likute mphepete ya kutsogolo n'kutsikira mbali zonse ziwiri. Guluu ndinamupaka pa balsa, n'kumupala ndi khadi yakale ya pulasitiki mpaka kungotsala chinyezi chonyezimira. Apa m'pamene pagona magalamu: guluu wochuluka salimbitsa, amangolemera ndi kukwinya pepala. Mbali zonse ziwiri zimatidwe mphindi imodzi isanathe. Mwana ankasalaza ndi khadi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo kuti mpweya utuluke. Kenako chipsepse chilichonse pakati pa mapepala ophikira makeke, omwe guluu sagwira, pamwamba pake mabuku olemera. Zikhala pamenepo masiku awiri.

Lachitatu

Zatuluka zowongoka zonse zinayi. Ndadula pepala lopitirira ndi lezala yatsopano, n'kusiya mphepete ya kumunsi ili balsa weniweni kuti guluu akalowe mumtengo. M'mphepete zina ndadontheza supagulu wamadzimadzi, makamaka kunsonga zogunda pansi, zenera lili lotsegula chifukwa fungo lake limawawa m'maso. Ntchito imeneyi ndagwira ndekha mwana atagona.

Pasikelo zinayi zonse zawonjezera magalamu 5.

Loweruka lachitatu

Kumata pa chubu, pomwe ndinalakwitsa chaka chatha. Tinakulunga kapepala ka miyeso pa chubu n'kuchonga malo anayi, mizere yake n'kuitalikitsa potsamiritsa chubu pa felemu ya chitseko. Pamzere uliwonse ndinapala ndi sandipepa wosalala mpaka kunyezimira kuja kutachoka, kenako n'kubaya timabowo ndi singano motsatira mzere kuti guluu alowe m'kati akagwire ngati timisomali.

Tamata kawiri. Koyamba guluu wa matabwa wochepa kumunsi kwa chipsepse, kuchigunditsa pa chubu, kuchichotsa, n'kudikira kuti mbali zonse ziwiri ziume. Kachiwiri kamzere kena kopyapyala, ndipo ulendo uno chimagwira nthawi yomweyo. Mwana ankayang'ana kuchokera kumbuyo kwa chubu ngati akuloza mfuti, n'kumandiuza kuti "chapendeka kumanja, Adadi" kapena "basi pomwepo". Maso ake amaona bwino kuposa anga, ndipo chimodzi anandibwezetsa kawiri.

Tinayambira m'galaja, koma guluu woyamba atauma anayera ngati choko ndipo ankafumbutuka ndikamukanda ndi chikhadabo. Guluu wa matabwa safuna kuzizira kotsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'galaja munali pansi pa apo. Ndinapala, n'kuyambiranso kukhitchini. Amayi ake atipatsa kona ya tebulo kwa sabata imodzi.

Pakati pa sabata

Ma fillet, kutanthauza mizere ya guluu yodzaza ngodya pakati pa chipsepse ndi chubu. Ngodya zilipo zisanu ndi zitatu. Ndikuchita ziwiri madzulo aliwonse, roketi itagona kuti guluu asayenderere, n'kusalaza ndi chala. Ulendo woyamba wopyapyala, chifukwa wokhuthala amauma pamwamba n'kusiya timaenje ta mpweya m'kati. Ulendo wachiwiri udzabwera zonse zikauma. N'zochedwa, ndipo mwana watopa nazo. Wayamba kujambula mitundu ya penti.

Loweruka loyamba la Febuluwale

Penti yatha: yoyamba yotuwa, yapamwamba yofiira, zipsepse zakuda. Phindu lina la pepala laonekera apa. Balsa wosakuta amamwa penti ndipo mizere yake imaonekerabe pokhapokha mutaitseka ndi kupala kangapo. Papepala penti yagona bwino ulendo woyamba, choncho ena mwa magalamu 5 aja tawabweza.

Roketi yonse yopanda mota ndi magalamu 81, ndi C6-5 ndi 106. Taikamo mota, parachuti ndi pepala losapsa lotchinjiriza parachuti, n'kupeza CG pachala. Pamenepo tamanga chingwe, ndipo ndaizunguza pabwalo la kuseri kwa nyumba. Mutu unaloza kutsogolo ulendo wonse, ngakhale nditaiyambitsa chammbali.

Ndawonjezeranso chimodzi chosakhudza zipsepse koma chothandiza zipsepse: ndaboola kabowo pakati pa parachuti, kukula ngati ndalama yachitsulo. Mpweya ukamatulukira pamwamba parachuti siilendewera kwambiri, ndipo kulendewera kuja n'kumene kunamenyetsa yakale cham'mbali. Itsika mofulumirako pang'ono, ndavomera.

Lamulungu lachiwiri la Febuluwale

Sitinaulutse. Mphepo inapyola makilomita 32 pa ola, malire amene malamulo a chitetezo a masewerawa amaika, ndipo woyang'anira chitetezo kukalabu anaimitsa zonse. Mkulu wa imvi uja anaitenga roketi, anagwedeza chipsepse chilichonse ndi zala ziwiri, anayang'ana ma fillet padzuwa, n'kumubwezera mwana osanena zambiri. Anangomulangiza kuti awaze paudala wa makanda pa parachuti, chifukwa pulasitiki ikazizira imamatirira n'kukana kutseguka.

Loweruka lomaliza la Febuluwale

Kunacha kopanda mphepo, koma usiku kunagwa chisanu ndipo munda unali wouma ngati simenti. Nthaka yoyesera zipsepse inali imeneyi.

Tinayamba ndi mota yocheperako mphamvu ya B6-4 kuti isapite kutali. Tinaima mamita asanu kuchokera pandodo, mwana anawerenga kuchokera pa faifi kutsika, n'kudina batani. Inakwera mowongoka, osazungulira, parachuti inatuluka itangoyamba kuwerama. Inatera pa udzu, mamita makumi atatu kuchokera pomwe tinaima. Palibe chinakandika.

Ulendo wachiwiri C6-5. Inakwera mpaka kuoneka ngati kadontho, inapendekera pang'ono kumene kamphepo kankachokera, monga zimachitira roketi za zipsepse zazikulu. Potsika sinalendewere ngati yakale, koma inatengeka mpaka kumalire kwa munda, n'kukagwera pa mtumbira wa dothi louma ndi chisanu. Tinamva kugunda tili patali. Mwana anathamanga kundisiya.

Nditafika anali atagwada akuitembenuza. Nsonga ya chipsepse chimodzi yaphwanyika pang'ono, ngati mamilimita atatu, ndipo penti yasendeka. Pa fillet ya chipsepse chomwecho pali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, kotalika sentimita imodzi kuchokera kumbuyo. Ndinachigwedeza: sichikusuntha. Kamng'aluko kakuoneka kuti kali mu penti mokha, koma ulendo wachitatu sitinapange, ngakhale mwana anapempha, mpaka nditapala ndione pansi pake.

Lolemba

Ndapala penti pamng'alu paja. Guluu wa pansi ndi wathunthu kupatula kumapeto kwenikweni, pomwe fillet inali yopyapyala chifukwa chala changa chinkathera pamenepo posalaza. Ndadonthezamo supagulu, ndipo mawa ndidzadutsanso guluu wa matabwa kumapeto kwa ngodya zonse zisanu ndi zitatu, kuzungulira mpaka kuseri kwa chipsepse. Nsonga yophwanyika ndaisalaza n'kuinyowetsanso supagulu. Zinzake zitatu ndazifupikitsa chimodzimodzi kuti zifanane. Sikelo ikuti magalamu 82.

Mota za C6-5 zatsala ziwiri, ndipo kalabu ikumananso pakati pa Malichi. Mwana watulutsa roketi yakale ija m'kabati ndipo wadula kale mapepala a zipsepse zake. Balsa wa chipsepse chong'aluka tikagula Loweruka.